Amisiri a dera limodzi tikagwirizana, luso limakula kapena timangoberana nzeru?

Wowotcherera_Biwi
Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Ndili ndi shopu yowotcherera zitsulo kuno ku Lilongwe. Chaka chatha ndinapanga makina apamanja oswera mtedza okhala ndi sefa yosinthasintha, ina ya mtedza waukulu ngati Chalimbana, ina ya CG7, chifukwa alimi amadandaula kuti makina ambiri amaphwanya mtedza ndipo ogula amawadula mtengo. Zitsulo zambiri zinawonongeka ndisanapeze mpata woyenera pakati pa chozungulira ndi sefa. Malonda atangoyamba kuyenda, mnzanga wa mzere womwewo anatuma munthu kudzagula amodzi, anakawamasula, ndipo lero akugulitsa ofanana nawo pa mtengo wotsika. Tsopano anthu omwewo akubwera ndi nkhani yoti tipange gulu, tisonkhe ndalama tigule makina a lathe (osemera zitsulo zikuzungulira) ndi opindira malata oti tizigwiritsa ntchito tonse. Mtima wanga ukukana. Kodi kugwirizana ndi anthu amene mukulimbirana nawo makasitomala kumapititsa luso patsogolo, kapena ndi njira yoti ena azikolola pamene sanalime?

Chikumbe_99
Musalowe achimwene. Wakuberani muli kunja kwa gulu, nanga mukalowa muziwonerana zonse adzasiya bwanji?

NaPhiri_waChiponde
Ine ndilankhule ngati wogula. Ndimagaya chiponde ku Mchinji ndipo makina otengera amene mukunenawo ndinagulapo kwa mmisiri wina. Kunja amaoneka bwino, penti yowala, koma mukathira mtedza theka limatuluka lophwanyika. Amene anatengerayo anaona maonekedwe, sanamvetse chifukwa chake sefa inakhala pamene inakhalapo. Ndiye chimachitika n'chiyani? Azimayi amabwerera ku njira yakale, kuwaza madzi pa makoko kuti afewe aziswa ndi manja, ndipo mtedza wonyowawo ukaikidwa m'thumba umachita chuku. Wogula wamkulu akauyeza amaukana. Bambo aku Biwi, mdani wanu wamkulu si mnzanu wotengerayo ayi. Ndi mbiri yoti makina opangidwa ndi amisiri akuno ndi osadalirika. Mbiri imeneyi imakugwerani nonse, wabwino ndi woipa yemwe.

Wowotcherera_Biwi
Mayi, zimenezo ndi zoona. Anthu amabwera ndi makina a eni ake kuti ndiwakonze, akudandaula ngati ndinapanga ndine.

MphunzitsiWaZamalonda
Zimene anena mayi a ku Mchinji zandikumbutsa mzinda wa Sialkot ku Pakistan, ndipo ndipempha mundilole nditalikitse pang'ono.

Sialkot ndi mzinda wodziwika ndi zinthu ziwiri, mipira yachikopa yosoka ndi zipangizo za madokotala zopangira opaleshoni, monga masizasi ndi zopanira. Sizipangidwa ndi kampani imodzi yaikulu. Pali mafakitale ambirimbiri a mabanja, ndipo kumbuyo kwawo kuli timashopu tating'ono: wina amasula chitsulo, wina amapala, wina amanola, wina amapukuta kuti chiwale. Amatengerana nzeru kuposa ku Biwi, ndipo amalimbirana ogula mopanda chisoni.

Mu 1994 bungwe la boma la America loona za zakudya ndi mankhwala, FDA, linatsekereza zipangizo za ku Sialkot kulowa m'dzikomo chifukwa sizinkakwaniritsa muyezo wa kapangidwe kabwino. Silinasankhe kuti uyu ndi wabwino uyu ndi woipa, chiletso chinagwera dera lonse, pomwe America inali msika wawo waukulu. Palibe fakitale imene ikanathetsa vutoli payokha. Bungwe lawo la opanga zipangizozi, SIMA, linatumiza nthumwi kukakambirana, kenaka mothandizidwa ndi boma linalemba akatswiri oti aphunzitse mafakitale kasungidwe ka zolemba, kayezedwe ka chitsulo ndi kalondolondo wa chipangizo chilichonse. Patapita zaka zochepa malonda anabwerera mpaka kuposa kale.

Chimene ndikufuna muone ndi ichi: sanagwirizane zoti azigawana ogula kapena kuululirana zinsinsi za mapangidwe. Anagwirizana pa chinthu chimene aliyense ankachifuna koma palibe akanachikwanitsa yekha. Amalonda a mzinda womwewo anasonkha ndalama n'kumanga bwalo la ndege lawolawo limene linatsegulidwa mu 2007, ndipo m'mawa mwake anapitiriza kulimbirana makasitomala monga kale.

Chikumbe_99
Aphunzitsi, Pakistan ndi Biwi n'zosiyana. Anthu omanga bwalo la ndege muwayerekeze ndi ife amene tikulephera kugula paketi ya ma rod?

MphunzitsiWaZamalonda
Kukula kwa thumba n'kosiyana, inde. Koma funso ndi lomwelo: n'chiyani chimene mukuchifuna nonse chimene mmodzi sangachigule? Kwa iwo chinali muyezo ndi ndege, kwa inu ndi lathe. Ndiwonjezerenso kuti ku Sialkot sionse anapindula mofanana. Mafakitale akuluakulu ena anayamba kupangira ntchito zambiri mkati mwawo kuti aziyang'anira okha, ndipo timashopu tina tating'ono tinatsalira.

Kachere_Accra
Ngati Pakistan yatalika, tiyeni tibwere mu Africa momwe muno. Ndimagwira ntchito ku Ghana ndipo ndinafikako ku Suame Magazine mumzinda wa Kumasi. Ndi dera lonse la amakaniko, owotcherera, osungunula zitsulo ndi ogulitsa masipeya, anthu zikwizikwi. Galimoto ikafika, mmodzi amatsitsa injini, amatuma mnyamata kukapereka crankshaft kwa wa lathe, wina amakonza mawaya, wina mipando. Kwa zaka zambiri ankangokonza magalimoto basi. Mu 1980 yunivesite ya sayansi ya ku Kumasi inatsegula kamalo kake mkati mwenimweni mwa Suame, kotchedwa ITTU, komwe kunali makina amene amisiri analibe ndiponso anthu owaphunzitsa. Kuchokera pamenepo amisiri ena anapeza ma lathe awo, ntchito yosungunula chitsulo inakula, ndipo anayamba kupanga zigayo, mapuleti ake, makina a chinangwa ndi ofinyira mafuta a kanjedza. Chimene ndinachiona n'chakuti amisiri okhaokha akamatengerana, amazungulira pa zinthu zomwezomwezo. Nzeru yatsopano inalowa pamene anthu akunja kwa gulu anabwera kudzakhala nawo pafupi. Ndiye gulu lanulo, aku Biwi, lisangokhala la kugula chitsulo. Lilongwe Technical College ili pafupi nanu, ku Bunda kuli anthu ophunzira za makina a ulimi. Munthu mmodzi akapita kukagogoda sam'labadira, koma gulu la mashopu 15 amalimvera.

Gogo_waMulanje
Ana inu mukupita kutali pomwe chitsanzo chili pakhomo. Ndinagwira ntchito m'minda ya tiyi mpaka kupuma. Makampani a tiyi a ku Thyolo ndi Mulanje ndi opikisana, tiyi wawo amakakumana pa okushoni ku Limbe ndipo aliyense amafuna mtengo woposa wa mnzake. Koma kuyambira 1966 pali Tea Research Foundation of Central Africa ku Mimosa, imene alimi a tiyi amaithandiza ndi ndalama zodulidwa malinga ndi tiyi amene aliyense wapanga. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Kuti mupeze mtundu watsopano wa tiyi mumasankha tchire, kulibzala, kulidikira, kuyeza masamba ake, kulawa, kuonanso ngati likupirira chilala chathu cha miyezi yambiri, ndipo zaka zimapitirira khumi musanatsimikize. Ndi kampani iti imene ingataye ndalama zonsezo yokha, podziwa kuti woyandikana naye angothyola nthambi n'kukabzala? Palibe. Ndiye anasonkha, ndipo mitundu ngati SFS 150 ndi PC 108 inatuluka kumeneko n'kufika ngakhale kwa alimi ang'onoang'ono ndi kumaiko ena.

Koma mvetsani bwino. Mbewu ndi ya onse, koma kafotetsedwe ka masamba m'fakitale, nthawi yovundikira, kutentha kwa choumitsira, aliyense amasamala zake. Tchire lomwelo, makampani awiri, tiyi wosiyana kukoma.

Wowotcherera_Biwi
Agogo, apa mwandigwira mtima. Kuthyola nthambi kumeneko ndi kumene kunandichitikira. Koma ku tiyi ndalama amadula mwalamulo lawo. Kwathu kuno wina adzasonkha mwezi woyamba, wachiwiri adzati maliro, wachitatu adzati fizi ya mwana, koma pa lathe adzakhala woyamba pa mzere.

Gogo_waMulanje
Ndiye musadalire zosonkha za pamwezi mwana wanga. Aliyense azilipira pa ola limene wagwiritsa ntchito makina, asanayatse. Wogwiritsa kwambiri alipire kwambiri.

Malamulo_Pang'ono
Ndichenjeze pa mbali ina imene simunaikhudze. Magulu ambiri a amalonda amayamba ndi mawu okoma a chitukuko, koma msonkhano wachitatu nkhani imasanduka yoti tigwirizane mtengo, wina asagulitse motsika. Apa ndi pamene luso limafera. Mu 1924 makampani akuluakulu opanga mababu a magetsi, kuphatikizapo Osram ndi Philips, anapanga mgwirizano wotchedwa Phoebus. Anagawana misika, ndipo anagwirizana kuti babu lisamapitirire maola 1,000 likuyaka. Ankayeza mababu a mamembala ndi kulipiritsa chindapusa amene babu lake lakhalitsa. Taganizirani, mainjiniya kupatsidwa ntchito yofupikitsa moyo wa chinthu. Nawonso unali mgwirizano wa makampani. Kuno kwathu kugwirizana mitengo n'koletsedwa ndi lamulo la mpikisano pa malonda, ndipo Competition and Fair Trading Commission ilipo chifukwa cha zimenezi. Aku Biwi, funsani anzanuwo mosabisa ngati nkhani ya mitengo ili m'mitima mwawo. Ngati ilimo, amene adzaluze ndinu, chifukwa makina anu abwino adzakakamizidwa kugulitsidwa mofanana ndi ophwanya mtedza aja.

Mjomba_Ndirande
Koma abale, mitengo tisaikambe bwanji pomwe chitsulo chikukwera sabata ndi sabata? Ukapereka mtengo Lolemba, pofika Lachisanu pleti yakwera, kasitomala akuti unanena wekha.

ZaMagetsi265
Nanga magetsi? Mugula lathe ya three phase, magetsi azizima theka la tsiku. Yambani mwaganiza za jenereta ndi mafuta ake.

Mjomba_Ndirande
Mafutawo muwapeza kuti? Masiku ena timagona pa mzere ndi zigubu.

NaPhiri_waChiponde
Ife tinaika sola ya chigayo chaching'ono, ikutithandiza masana. Koma mabatire ndiye odula zedi.

ZaMagetsi265
Sola ya chigayo cha chiponde ndi ya makina owotcherera n'zosiyana mayi. Welding imakoka moto wambiri nthawi imodzi, inverter yaing'ono imapsa.

Admin_Gulu
Nkhani ya magetsi ili ndi malo ake, tiipititse kumeneko. Tibwerere ku funso la bambo aku Biwi.

Mnyamata_waShopu
Ine ndine wantchito chabe, sindine mwini shopu, koma mundilole. Mabwana mukamakamba za kuberana nzeru mumaiwala kuti nzeruyo nthawi zambiri imayenda ndi miyendo yathu. Ndinaphunzira kuwotcherera pa shopu ina, kupinda malata pa ina, ndipo pano ndili pa yachitatu. Zonse zimene ndinaphunzira ndinabwera nazo. Bwana wanga wakale amati ndinamubera, koma ankandilipira pa geti iliyonse imene ndamaliza, osati pa tsiku. Tsiku lina anabweretsa njira yatsopano yodulira kuti zitsulo zisamatsale zambiri. Njirayo inali yabwino kwa iye, koma kwa ine inkachedwetsa, ndiye kuti ndalama yanga yatsika. Ndinabwerera ku njira yakale, ndipo anzanga onse anatero.

MphunzitsiWaZamalonda
Mng'ono wanga, zimene wanenazi zinayesedwa ndithu, ku Sialkot komweko, ku mbali ya mipira. Mpira wosoka uja uli ndi zigamba 32, za makona asanu ndi limodzi 20 ndi za makona asanu 12. Ofufuza ena anapeza kadulidwe katsopano ka zigamba za makona asanu kamene kankatulutsa zigamba zambiri pa chinsalu chimodzi cha rexine (chikopa chochita kupanga), zotaya n'kuchepa. Mu 2012 anapereka chodulira chatsopanocho kwaulere kwa mafakitale 35. Patatha chaka ndi miyezi, amene ankachigwiritsa ntchito sanafike ndi 10 omwe. Chifukwa chake? Odula ankalipidwa pa chigamba, chodulira chatsopano chinkawachedwetsa poyamba, ndipo phindu la kusunga rexine linkapita kwa bwana. Ndiye ankauza mabwana awo kuti sichigwira bwino. Ofufuzawo atalonjeza odulawo ndalama yapadera akaonetsa kuti achidziwa, mafakitale ena anayamba kuchigwiritsa ntchito. Mzinda wotchuka chonchi, umene unapanga mipira ya World Cup ya 2014 ndi 2022, nzeru yaulere inakanika kuyenda chifukwa palibe anafunsa wogwira chodulira. Mgwirizano wa mabwana okhaokha sukwanira.

Chikumbe_99
Ndiye mukuti tizingowasiya anyamata aziphunzira kwa ife n'kukatsegula shopu moyang'anizana nafe?

Dev_waJoni
Achimwene, Silicon Valley, dera la makampani a makompyuta ku California, inakula motero. Mu 1957 akatswiri asanu ndi atatu anachoka pa kampani ya bwana wawo William Shockley n'kuyambitsa Fairchild Semiconductor. Mu 1968 awiri mwa iwo, Robert Noyce ndi Gordon Moore, anachokanso n'kuyambitsa Intel. Chaka chotsatira anthu ena a ku Fairchild anayambitsa AMD. Ku California makhoti salemekeza mapangano oletsa wantchito kupita kwa wopikisana naye bwana wake. Ku Massachusetts, kumene kunali makampani a makompyuta amphamvu ngati DEC ndi Wang, mapangano otere ankagwira ntchito ndipo kampani iliyonse inkapanga zonse mkati mwa mpanda wake. Wang inagwa mu 1992, DEC inagulidwa ndi Compaq mu 1998. Sindikuti chifukwa ndi chimodzi chokhachi, koma kuyenda kwa anthu kunathandiza dera lonse ngakhale kunkapweteka bwana mmodzimmodzi. Ndipo pamene makampani ena akuluakulu a kumeneko, monga Apple, Google, Intel ndi Adobe, anasumiridwa kuti ankagwirizana mobisa zosalandana antchito, mlanduwo unatha mu 2015 polipira madola 415 miliyoni.

Chikumbe_99
Zothandiza dera lonse sizidyetsa ana anga. Ine ndikataya kasitomala, dera silindigulira ufa.

NaPhiri_waChiponde
Apa a Chikumbe akunena zoona, tisawatsutse. Amene wataya zitsulo poyesa ndi mmodzi, opindula ndi ambiri. Gulu likafuna kuti anthu aziyesa zinthu zatsopano, liganize zomubwezera woyambitsa.

Malamulo_Pang'ono
Njira ya lamulo ilipo. Mapangidwe atsopano amalembetsedwa ku ofesi ya boma yoona za umwini wa mapangidwe, ndipo Malawi ndi membala wa ARIPO, bungwe la maiko a mu Africa loteteza umwini wa mapangidwe, limene likulu lake lili ku Harare. Koma chinthu chimayenera kulembetsedwa chisanafalikire, ndipo kulembetsa ndi kwina, kuthamangitsa wotengera kukhoti ndi kwinanso, kumafuna ndalama ndi nthawi. Kwa mmisiri wamng'ono, chimene ndaona chikugwira ntchito ndi pangano la m'gulu: amene wabweretsa chatsopano, anzake azimupatsa kandalama pa makina aliwonse amene apanga motengera, iye n'kuwapatsa miyezo yeniyeni ndi jig, chogwirira chitsulo kuti zonse zizituluka zofanana. Mulembe, musaine, ndipo ngati mukufuna kukhala ndi katundu wa gulu, lembetsani ngati kopaletivi kuti lathe isakhale m'dzina la munthu mmodzi.

Wowotcherera_Biwi
Iyi ndiye ndingapite nayo ku msonkhano. Chozungulira cha makina anga ndimachipanga ndi gilayinda ndi diso, n'chifukwa chake awiri satuluka ofanana ndendende. Pa lathe shafiti ikanakhala yowongoka, ma bearing osatha msanga. Ndikuvomera kuti ndekha sindingaigule.

Wotchi_Zomba
Ndimakonza mawotchi, ndiye ndiponyepo ya ntchito yanga, chifukwa mukuyamikira gulu kwambiri. Opanga mawotchi a ku Switzerland anali ogwirizana kuposa onse amene mwatchula. Mu 1962 makampani awo anakhazikitsa limodzi malo ofufuzira ku Neuchâtel, ndipo pofika 1967 anali atapanga kale wotchi yapamkono yoyesera ya quartz, yoyendera batire. Nzeru anali nayo m'manja. Koma dera lonse linamangidwa pa wotchi ya zitsulo zozungulira: opanga masipuling'i, opanga timagiya, olumikiza, aliyense ndi gawo lake ndi mapangano ake. Quartz ikanawachotsera ntchito ambiri a iwo, ndiye anaiona ngati chinthu chapambali. Seiko ya ku Japan inatulutsa yake pa msika mu December 1969, ndipo Japan ndi Hong Kong anadzaza dziko ndi mawotchi otchipa olondola nthawi. Antchito a mawotchi ku Switzerland anali pafupifupi 90,000 mu 1970, pofika pakati pa zaka za m'ma 1980 anatsala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Gulu likazolowerana kwambiri limayamba kuteteza zimene likudziwa kale. Mawa mwana wina akabwera ndi makina oswera mtedza a mota ya sola, gulu lanu lidzamulandira kapena lidzamutsekera lathe?

Kachere_Accra
Funso lomalizali ndi lolemera. Lilowe m'malamulo a gulu kuti wobwera kumene akhoza kulowa polipira zofanana ndi ena, osati kudikira kuti akuluakulu amukonde.

Mjomba_Ndirande
Zonsezi ndamva, koma ndifunse za tsiku ndi tsiku. Makina oswera mtedza amagulidwa nthawi imodzi, kuyambira May mpaka July anthu akakolola. Nonse mudzafuna lathe sabata yomweyo. Adzayamba ndani? Ndipo mpeni wa lathe ukathyoka m'manja mwa mnyamata wa shopu ina, alipire ndani?

Gogo_waMulanje
Musalole aliyense kugwira makinawo. Lembani ntchito munthu mmodzi wophunzira bwino, wa satifiketi ya TEVETA ngati alipo, iye yekha ndiye aziyendetsa. Inu muzibweretsa chitsulo ndi miyezo papepala, iye azilemba m'kaundula amene wafika poyamba.

Chikumbe_99
Ndiye munthu ameneyo adzadziwa miyezo ya shopu iliyonse. Mwangosamutsa vuto agogo.

Mnyamata_waShopu
Adzadziwa inde, ngati mmene ife timadziwira kale. Mulipireni pa mwezi ndipo mulipireni bwino, asakhale wa pa ganyu. Ndipo mashafiti ayambe kupangidwa mu February, asanafike makasitomala, chifukwa ngati mashopu onse agwirizana kukula kumodzi kwa shafiti ndi bearing, akhoza kupangiratu ambiri n'kusunga. Mlimi wa ku Mchinji bearing ikamuthera adzaipeza pa shopu iliyonse osabwerera ku Lilongwe.

NaPhiri_waChiponde
Chimenecho ndiye ndingalipirire ndalama yowonjezera. Pano makina anga akhala chiimire kuyambira mwezi watha chifukwa bearing yake sikupezeka pa boma pano. Mukakakumana, kukula kwa bearing ikhale nkhani yoyamba, ndipo muitane ife ogula awiri kapena atatu tibwere ndi thumba la mtedza tiyesere pamaso panu.